Mlendo Pamafuwa a Rupkali

Alendo akafika m'mudzi mwathu mwa Tamrang sasankha nyumba yogona. Amayi a gulu lolandira alendo amawachingamira pamene jipi yochokera ku Besisahar imathera, n'kuwaveka nkhata za maluwa, kenako amawapereka kunyumba imene nthawi yake yakwana. Mzere umayambira pa nyumba ya kumunsi kwenikweni, n'kumakwera masitepe a miyala khomo ndi khomo mpaka pamwamba, ukatero n'kuyambiranso. Mkazi wanga Rupkali anali mmodzi mwa amene anayambitsa zimenezi. Atamwalira, mzere unkangodumpha khomo langa kwa chaka, monga kuyenera pa nyumba ya maliro, ndipo sindinadandaule. Chaka chitatha unadumphanso. Apo ndinavala jekete n'kupita kwa mlamu wanga Nandakali, mng'ono wake wa Rupkali, amene tsopano ndiye wapampando wa gululo.

Ndinamupeza akupeta mawere pakhonde.

"Alamu, mzere wandipitirira," ndinatero.

"Sunakupitirireni. Wakuonani, wakupatsani moni, wapita."

"Chaka cha maliro chatha."

"Chatha, inde. Nanga m'nyumbamo mwalowa mkazi? Mlendo amakwera phiri lonseli kudzadya za m'manja mwa mayi. Inu mudzamupatsa chiyani, masamu?"

Ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri, m'masukulu a kuno kumapiri ndi a kuchigwa komwe, ndipo nthabwala imeneyo ndinaizolowera kalekale. Ndinamuuza kuti ndakhala ndikudziphikira chaka chonse ndipo sindinafe.

"Njati yanu yokama ija nayonso sinafe, koma zimene imadya sitingapatse alendo." Anauzira mankhusu. "Mwana wanu ku Pokhara anakukonzerani chipinda. Mukukakamira chiyani kuno?"

Yankho ndinali nalo, koma silinali loti n'kunenera pakhonde la munthu amene akupeta mawere. Nandakali anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kolala, n'kuika lichero pansi.

"Chabwino. Obwera Lachisanu ndi anu. Malamulo mukuwadziwa, anawapanga ndi akazi anu omwe. Mlendo adye akhute, ndipo mlendo asagwire ntchito. Akachoka ndi njala, nyumba yanu tikuichotsa pamzere, ndipo musadzandivalirenso jekete."

Sindinade nkhawa. Kuphika ndinakuphunzira mochedwa koma ndinakuphunzira bwino, chifukwa ndine munthu amene ndikalakwa kamodzi ndimafuna kudziwa pamene ndalakwira. Ndinayanika zofunda za m'chipinda cha alendo, ndinakwecha mbale zamkuwa ndi phulusa, ndinaviika mfutso wowawasa umene Rupkali anandisiyira m'dengu la kudenga.

Lachisanu kunali nkhungu ndi mvula yowaza. Amayi a gulu anabwera nawo alendo awiri pakhomo panga. Wina anali bambo wa zaka zapakati, wovala chijasi chatsopano chokhala ngati cha okwera mapiri ataliatali, dzina lake Chudamani Luitel, wogwira ntchito ku banki ku Biratnagar. Winayo anali mayi ake, a Bhagirathi, nkhalamba yochepa thupi ya nsalu yoyera, nkhata ya maluwa ikuwafika m'chiuno. Masitepe anali atawathetsa mpweya.

"Amayi akhala kuchigwa moyo wawo wonse," anatero Chudamani. "Akuti asafe asanaone mapiri oyerawa pafupi. Ali mbali iti, achimwene?"

Ndinaloza kumene kunali nkhungu yokhayokha.

"Mawa aoneka?"

"Sindikudziwa. Kapena mkuja."

Madzulo ndinawayalira mphasa mbali ya alendo, kutali pang'ono ndi mafuwa, n'kuwagawira mpunga, mphodza, mfutso, mbatata zokazinga ndi tomato wosinja ndi tsabola. Chudamani anadya ngati munthu amene jipi yamukhutchumula tsiku lonse, ndipo ndinamuwonjezera kawiri asanaphimbe mbale ndi dzanja. Amayi aja anaiyang'ana mbale yawo, anayamikira kuwala kwake, koma sanaikhudze.

"Ulendo wawasokoneza m'mimba," anatero mwana wawo, osandiyang'ana. "Mawa adya."

Mkaka wotentha analandira. Anatulutsanso kathumba kansalu, n'kutapamo mpunga wouma wophwanyaphwanya uja timati chiura, n'kumatafuna pang'onopang'ono ndi theka la nthochi yoti yayamba kuda. Madzi anamwa mothira m'kamwa, kapu osaigunditsa pamlomo. Munthu wodwala m'mimba samwa mkaka wa njati wa mafuta chonchija. Ndinasunga zimenezo mumtima n'kukataya mpunga wawo m'chodyera cha njati.

M'mawa mwake, ndikukama, Nandakali anatulukira kukhola ngati wongodutsa.

"Alamu, njati yanu masiku ano ikudya mpunga wa mphodza?"

"Inali ndi mlendo."

"Mbale ya ndani?"

"Ya amayi aja. Atopa."

"Otopa amadya. Mwathira mchere wochuluka bwanji?" Anasuzumira m'chodyeramo. "Tsiku limodzi lapita. Atsala ndi lero, mawa akunyamuka. Ine sindinanene kanthu."

Atachoka ndinaitana Chudamani kuti adzaone mwana wa njati. Anabwera akusamala nsapato zake.

"Amayi anu adya liti mpunga wophika?" ndinafunsa.

Anakanda kumutu. "Chichokereni kunyumba, ayi."

"Amadya wophika okha basi," ndinatero.

Nkhope yake inagwa ngati ya mwana wa sukulu amene wapezeka ndi homuweki ya mnzake. "Achimwene, musationere molakwika. Ine zimenezo ndilibe nazo ntchito, mwaona nokha mmene ndadyera. Ndi za akuluakulu. Ndinawauza kuti kumene tikupita n'kwa anthu, mukadya zimene akupatseni, iwo anavomera. Tafika kuno, ndi izi. Ndinachita manyazi kukuuzani."

Aka sikanali koyamba kuziona zimenezi. Ndili mphunzitsi wachinyamata ku Dang ndinkakhala panyumba ya Abahuni, a fuko la ansembe, ndipo mkulu wa pakhomopo ankaphika yekha pamalo ozira kumene, atasamba, atavala nsalu imodzi yochapa, wina aliyense osaloledwa kupondapo. Mkaka, zipatso ndi zouma ankalandira kwa anthu, koma mpunga ndi mphodza ayi. Mwambowo sindiuyamikira. Ndikudziwa kumene unachokera, ndipo ndikudziwa kuti m'maganizo a amene anauyambitsa, ife Agurungi tinali pansi. Koma m'nyumba mwanga munali nkhalamba imene inatha masiku ikutafuna zouma, ndipo kuti ikaone mapiri inayenera kukwera mtunda wa kuseri kwa mudzi.

Kunja mvula inali ikuwazabe, nkhuni za pabwalo zitanyowa. Mafuwa m'nyumbamo anali amodzi okha. Kwathu mlendo safika pamafuwa. Pamenepo ndi pa eni nyumba ndi makolo awo, ndipo chimwalirire Rupkali panali pasanakhale munthu wina koma ine. Ndinaima pakhomo kanthawi ndikuyang'ana malowo. Kenako ndinachotsa phulusa, ndinasakaniza dothi lofiira ndi ndowe, n'kuzira mafuwa ndi pansi pozungulira. Ndinakwechanso miphika iwiri, ndinatunga madzi atsopano mumtsuko wamkuwa, n'kuika mpunga wosaphika, mphodza ndi mpiru wa m'dimba palichero.

Amayi Bhagirathi anali pakhonde atafunda bulangete, akuyang'ana nkhungu.

"Amayi, pamoto pauma. Zonse zili pomwepo. Mukasamba, madzi ofunda ali kuseri."

Ananditembenukira. Maso awo anali aang'ono, akuthwa.

"Wakuuzani ndi mwana wangayu?"

"Ndinakhalako ku Dang."

"Oo." Anadzuka okha, osagwira dzanja la mwana wawo. "Madzi ofundawo musambe ndinu. Ine ndimasamba ozizira."

Pophika anasanduka munthu wina. Anakhala chonjuta mu nsalu yawo yopyapyala, kuzizira konseko, n'kumasonkhezera moto ngati anabadwira m'nyumbamo. Ine ndi Chudamani tinakhala pamphasa ya alendo. Amayi aja anadandaula kuti mpunga wa kumapiri ndi wouma mtima, umafuna madzi ambiri. Anafunsa ngati chikasu changa ndinagula kapena ndinasinja ndekha, ndipo nditati ndinagula, anangoti zikuoneka. Ndinali ndisanaonepo mafuwa anga kuchokera mbali imeneyo munthu wina akuphikapo chidwalire mkazi wanga. Ndinapeza chochita, ndinayamba kukonza chingwe cha dengu.

Mphodza zikuwira, chitseko chinatseguka. Analowa Nandakali atanyamula mphika wokulunga m'nsalu. Anali ataphika kwawo kuti apulumutse mudzi ku manyazi a kuphika kwanga. Anaima pakati pa nyumba, maso ali pamafuwa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Amayi amadya zophika okha."

"Ndiye mwawaika pamoto? Mlendo?" Anatembenukira kwa nkhalamba ija. "Amayi, pepani. Bambo awa ndi ophunzira kwambiri, nzeru zina zinawadutsa. Dzukani mukhale apa, ndabweretsa chakudya."

"Zikomo mwananga, koma sindidya."

"Mpunga wathu uli ndi chiyani?"

Chudamani anayamba kulankhula, mayi ake anamuletsa ndi chipande.

"Ulibe kanthu. Wa mpongozi wanga sindidya, ndipo timakhala nyumba imodzi. Wa mwana wanga wamkazi, wobala ndekha, chikwatiwire sindinalawe. Apongozi anga anandiyambitsa kuphika ndili kamtsikana, anandiuza mmene zimakhalira, ndakalamba nazo. Kaya n'zabwino kaya n'zoipa, zatsala pang'ono kutha, zipita ndi ine." Anavundula mphodza. "Koma bambo awa mchere amasunga kuti? Ndapeza tiyi yekhayekha."

Nandakali nyumbayo ankaidziwa ngati yake. Mosaganiza anaika mphika wake pansi n'kulunjika pa shelefu ya kuseri kwa mafuwa, pamene mkulu wake ankaika mchere.

"Imani pomwepo, mwananga. Pozirapo musapondepo. Ingondilozerani."

Sanakweze mawu. Nandakali anaima phazi lili m'mwamba. Pamafuwa amenewo anaphikapo masiku onse amene Rupkali anali chigonere, ndipo ndi iye anaphikira anthu a pamaliro. Analoza chitini cha mchere, anatola mphika wake, n'kutuluka osatseka chitseko.

"Ndalakwa?" anafunsa amayi aja.

"Ndi mng'ono wake wa malemu mkazi wanga."

Anatenga chitini chija n'kuthira mchere.

Anagawira ife poyamba, akugwetsera mpunga m'mbale zathu chapatali, kenako anadya okha atatembenukira kukhoma. Anadya mbale yodzaza n'kuwonjezera. Madzulo ndinaziranso, anaphikanso. Chakudya chawo chinali chabwino, ngakhale kwa ine mphodza zinachepa tsabola.

M'mawa wa tsiku lonyamuka kunacha koyera. Ndinawadzutsa dzuwa lisanatuluke, tinakwera mtunda wa kuseri kwa mudzi, podutsa minda ya mawere ndi nkhalango ya nsungwi. Amayi Bhagirathi anayenda ndi ndodo yanga, akupuma pamiyala yopumirapo onyamula katundu, koma sanalole kuberekedwa. Titafika pamwamba, mapiri onse anali poyera kuyambira Lamjung mpaka Manaslu, nsonga zake zitayamba kufiira. Chudamani anatulutsa foni n'kuyamba kuzungulira nayo. Mayi ake anaphatikiza manja n'kunong'ona mawu awo a pemphero. Atatha anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Kumeneko kumamera chiyani?"

"Palibe, amayi. Miyala ndi chipale chofewa basi."

"Malo onsewo." Anapukusa mutu. "Komabe ndi abwino. Ndawaona. Iwe, undijambule msanga, mawondo akuzizidwa."

Potsanzikana, amayi a gulu anasonkhana pamene jipi imaima, monga achitira nthawi zonse. Anawaika alendo kadontho koyera ka mpunga ndi chambiko pamphumi, n'kuwaveka nkhata zatsopano. Nandakali anachita mbali yake bwinobwino, nkhope ili gwa. Amayi Bhagirathi anamugwira dzanja n'kumuuza kanthu kamene sindinamve. Jipi itatsika n'kubisika pakona, palibe anabalalika. Amayi onse anakhala pamiyala ya pansi pa mtengo waukulu, ine n'kutsala chiimire ngati wochedwa kusukulu.

Nandakali anafotokoza nkhani yonse. Mlendo wagwira ntchito. Mlendo wakhala pamafuwa. Mwini nyumba wadya zophika mlendo wake, masiku awiri, atakhala pamphasa ngati mkamwini.

"Tsiku limodzi," ndinatero. "Kawiri."

"Mwamva? Masamu."

Amayi anaseka. Ndinadikira kuti atsirize.

"Malamulo ndi awiri," ndinatero. "Kwa mlendo ameneyu sakanasungika onse. Ndikanasunga lachiwiri, akanachoka ndi njala ndipo pamtunda paja sakanafikapo. Ndinasunga loyamba. Akabweranso wotere, ndidzachitanso chimodzimodzi. Ngati n'zochotsera nyumba pamzere, ichotseni mukudziwa zimenezo."

"Ndiye tizivomera kuti manja athu ndi odetsedwa?" anafunsa mayi wina wachitsikana, mkazi wa msilikali. "Abwere kwathu, tiwaveke maluwa, iwo azinyansidwa ndi mpunga wathu?"

"Funso limenelo ndi loona," ndinatero. "Ine sindinawauze kuti akulondola. Ndinawapatsa mphika."

Mayi Jasmati, amene ndi wamkulu pa onse ndipo nyumba yawo ndi yoyamba kumunsi, anatulutsa fodya m'kamwa. Anati chaka china analandira bambo wokalamba wa ku Butwal amene anakhala masiku onse akudya nthochi, ndipo iwo ankayesa kuti ndi matama, mpaka anamuphikira nkhuku, bamboyo n'kuthawira panja. Wina anakumbukira mayi wa ku Nepalganj amene anati akusala, n'kusala mpaka tsiku lopita. Zinapezeka kuti pafupifupi nyumba iliyonse inalandirapo mlendo wotere, ndipo aliyense ankabisa poopa kuti anzake anena kuti saphika bwino.

"Msewu wafika, okalamba a kuchigwa azibwera ambiri," anatero mayi Jasmati. "Ndani pano angapereke mafuwa ake kwa mlendo, iye n'kukhala pamphasa?"

Ena anayang'ana kumapazi, wina anati apongozi ake akhoza kudzuka kumanda.

Mayi Jasmati anapitiriza. "Ndiye aphunzitsi akhale pamzere. Otere akabwera tizipititsa kwa iwo, kaya nthawi yawo yakwana kaya ayi. Wapampando, mukuti bwanji?"

Onse anayang'ana Nandakali. Iye ankayang'ana kumsewu kumene jipi inalowera.

"Akhale," anatero. "Koma pamafuwa a achemwali anga mlendo asadzakhalenso. Kachipinda kosungira chimanga kaja akachotsemo chimanga, amange mafuwa ena m'menemo. Odziphikira azidziphikira kumeneko, azizira mmene angafunire, azithamangitsa amene angafune. Apo ayi, ine sindivomera."

Ndinaganiza pang'ono. Kachipindako kali ndi zenera loyang'ana kumapiri, ndipo chimanga chikhoza kupita kudenga.

"Ndavomera."

"Mwavomera msanga. Mafuwa munamangapo?"

"Ndiphunzira."

"Muphunzira pa alendo athu? Utsi udzawatsamwitsa, adzatinena m'mafoni." Anadzuka n'kukutumula nsalu yake. "Dothi labwino lili kumtsinje wa kumunsi, osati lofiira lanu lija, limang'aluka. Mawa m'mawa mutenge dengu lalikulu. Ine ndidzakulozerani pokumba, kunyamula ndi kwanu."

M'mawa mwake ndinatenga dengu ndi khasu, ndinamupeza akundidikira pamasitepe, ndipo tinatsikira kumtsinje.